Tisiye kuchita manyazi ndi fungo la kwathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri angaitenge ngati yopepuka, nkhani ya mphuno ndi fungo. Ndikudziwa kuti masamba anu amadzadza ndi za mtengo wa chimanga, feteleza, mafuta agalimoto ndi ndale, koma iyi yakhala ikundivuta mumtima chiyambire nthawi ya Covid ija ndipo ndaona kuti bola ndiitulutse anzanga aimve, chifukwa mmene ndikuonera ine fungo la kwathu timalichitira manyazi, ena timanyozana nalo, ndipo lina likutha tikuona osadandaula nkomwe.

Azakhali anga anadwala Covid mu Januwale 2021, mwezi woopsa uja umene dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, nthawi imene pafupifupi khomo lililonse amawiritsa masamba a bulugamu nkumafukiza atafunda bulangeti. Anachira, Mulungu anatichitira chifundo, chifuwa chinatha, kutentha thupi kunatha, koma fungo linapita. Sikuti mphuno inatsekeka ndi chimfine ai, mpweya umadutsa bwinobwino, kungoti samamva kanthu basi. Mayi amene kale akangoika mphuno pa thumba la ufa amakuuza kuti chimanga ichi munagaitsa chisanaume, amene amadziwa ali kuseri kwa nyumba kuti nsima yayamba kupserera, tsiku lina nyemba zinapsa mpaka mphika kuda iwo ali chikhalire pa mkeka pafupi pomwepo, anadzazindikira ataona utsi. Kudya anasiya, amati mchere ndikuumva, shuga ndikumumva, tsabola akuwawa ndithu, koma nkhwani wotendera ndi chisoso zonse ndi chimodzimodzi nde ndidyerenji. Anawonda. Titapita nawo ku chipatala china anangotiuza kuti thokozani kuti muli moyo amayi, izo ndi zazing'ono zibwerera zokha, nkuitana wotsatira. Sindikuwaweruza anthu aja, masiku amenewo anthu amafa kusowa mpweya wa oxygen, koma chimene anandiuza azakhali tili mu minibasi pobwerera ndi chimene chinanditsegula maso. Amuna awo anamwalira kale ndipo iwo anasunga jekete lawo limodzi mu sutikesi, pena akawasowa amalitulutsa nkulinunkhiza, linali likadali ndi kafungo ka chingambwe ndi sopo amene malemuwo amasambira. Anati mwana wanga, jekete lija ndi nsalu chabe tsopano, zili ngati maliro achitikanso. Patapita miyezi fungo linayamba kubwerera koma mokhotakhota, anyezi wokazinga amawanunkha zowola mpaka kuthawa kukhitchini, vuto limene madokotala amati parosmia, ndipo linadzakhala bwino pang'onopang'ono.

Zimenezi ndi zimene zinandiyambitsa kuwerenga za mphuno, ndipo ndinapeza kuti azakhali samakokomeza. Kumtunda kwenikweni mkati mwa mphuno, cha pakati pa maso, kuli kamalo kakang'ono kodzadza ndi timitsempha timene timagwira fungo. Mu 1991 asayansi awiri a ku America, Linda Buck ndi Richard Axel, anatulukira mmene timitsemphati timasiyanitsira fungo ili ndi ilo, ndipo mu 2004 analandira nayo mphoto ya Nobel ntchito imeneyi. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo tolandira fungo, mbewa ili ndi yoposa 1,000, ndipo fungo lililonse limadzutsa kagulu kakekake ka tizigawoti nde ubongo umawerenga kaguluko nkudziwa kuti iyi ndi mbatata yowotcha, uyu ndi palafini. Koma chimene chinandigwira mtima ndi njira imene uthengawu umadutsa. Zimene timaona ndi maso ndi zimene timamva ndi makutu zimayamba zaima kaye pa malo ena mu ubongo otchedwa thalamus, pamene fungo silidikira, limakafika molunjika pafupi ndi amygdala imene imayendetsa mantha ndi chimwemwe, ndi hippocampus imene imasunga zokumbukira. Ndi chifukwa chake umangodutsa pa msika nkumva kafungo kenakake mtima nkugunda, misozi nkulengeza, usanadziwe nkomwe kuti ndi fungo la chani, kenako ndipamene umadzakumbukira kuti aa, awa ndi mafuta a nsatsi amene agogo amadzola. Ofufuza a ku Sweden anayesa anthu okalamba powapatsa mawu, zithunzi ndi fungo, anapeza kuti mawu ndi zithunzi zimawakumbutsa za unyamata ndi utsikana wawo, koma fungo limawabweza kumbuyo kwambiri, ku zaka zosakwana 10 zakubadwa. Ndipo kukoma kwa chakudya kumene timati ndi kwa lilime, kwambiri ndi kwa mphuno, fungo limakwera kuchokera kukhosi tikamatafuna. Lilime lokha limangodziwa mchere, kutsekemera, kuwawasa, kuwawa ndi kukoma kuja kwa msuzi wa nyama, nzimene azakhali amanena zija.

Nde ndikupempha anamwino ndi madokotala athu kuti munthu akabwera nkunena kuti sindikumva fungo musamubweze ndi mawu oti zazing'ono. Thandizo lilipo ndipo silifuna ndalama zambiri. Dokotala wina wa ku Dresden ku Germany, Thomas Hummel, anaonetsa mu 2009 kuti munthu akamanunkhiza zinthu zinayi, duwa la rose, bulugamu, mandimu ndi ma clove (zonunkhira zija timathira mu pilawu), mmawa ndi madzulo kwa masabata 12, ena fungo limayamba kubwerera, chifukwa timitsempha ta mphuno timatha kuphukanso. Bulugamu ndi mandimu zili paliponse kuno, nesi atha kungomuuza wodwala zimenezi mu mphindi ziwiri. Komanso pano tikulimbikitsana kusiya makala tiziphikira gasi, zabwino ndithu, koma gasi payekha alibe fungo, fungo loipa lija amachita kuthiramo dala kuti ukalimva udziwe kuti silinda ikudontha, nzeru imene inakhazikika gasi ataphulitsa sukulu ku New London, Texas, mu 1937 nkupha anthu pafupifupi 300, ambiri ana asukulu. Munthu wosamva fungo amene amakhala yekha ndi silinda mnyumba ali pa ngozi ndipo palibe amene akumuchenjeza. Kwa achikulire, fungo likamatha popanda chimfine pena chimakhala chizindikiro choyambirira cha matenda a Parkinson kapena a Alzheimer, zaka zambiri manja asanayambe kunjenjemera kapena munthu asanayambe kuiwala maina a ana ake. Ndipo tikudziwa tonse zimene zimawachitikira agogo oiwalaiwala m'midzi mwathu, amanamiziridwa ufiti mpaka kugendedwa, pamene ndi odwala.

Koma sindinalembe kalatayi chifukwa cha chipatala chokha. Taganizani za mvula yoyamba, chizimalupsa chikagwa pa dothi lotentha la mu Okutobala kapena Novembala, fungo lija limene limapangitsa munthu wamkulu kuima pakhonde nkupuma mokoka mpweya. Asayansi awiri a ku Australia, Isabel Joy Bear ndi Richard Thomas, analifufuza mu 1964, ndipo gawo lalikulu la fungoli limachokera ku kanthu kotchedwa geosmin kamene amapanga mabakiteriya a m'dothi otchedwa Streptomyces. Mphuno ya munthu imakamva kanthuka olo katachepetsetsa motani mu mpweya, ndipo nkomweko kamene kamapangitsa mlamba wa m'dambo kumveka matope ukamadya. Kwa munthu wa ku London mwina ndi fungo lokoma chabe, koma kwa ife limanena zambiri nthawi imodzi, limati tulutsa mbewu, konza khasu, mawa kugwa ngumbi, ana akonze ndowa ndi nyali, posachedwa bowa, njala ya Januwale ikubwera koma chiyembekezo chiliponso. Palibe amene anatikhazika pansi kutiphunzitsa zimenezi, zinalowa kudzera m'mphuno tili kumbuyo kwa amayi. Ndipotu zimayamba tisanabadwe, ku France mu 2000 anaonetsa kuti amayi amene amadya zonunkhira zotchedwa anise ali oyembekezera, ana awo atangobadwa amatembenukira kumene kuli fungo limenelo pamene ana ena amalithawa kapena osalilabadira. Nde mwana wa ku Nkhata Bay kondowole amamudziwa asanamuone, wa ku Mangochi utaka ndi chambo chowamba, wa ku Karonga mpunga wa Kilombero umene ukamaphikidwa nyumba yachitatu amadziwa, wa ku Thyolo fungo la masamba a tiyi akamafota mu fakitale, wa ku Kasungu ndi Dowa fodya wa bale ali mu chigafa, wa ku Nchalo ndi Dwangwa fungo la nzimbe zootchedwa.

Funsani abale athu ali ku Joni kuti basi yochokera ku Malawi ikafika amathamangira chani. Usipa, matemba, Kilombero, ufa wa mgaiwa, tsabola wa Nali, chinangwa chouma. Chakudya ku Johannesburg chilipo chambiri ndipo china nchotchipa kuposa kuitanitsa thumba la usipa kudutsa maboda, chimene akugula ndi kuti akathira usipa uja pa moto chipinda chija cha lendi chisanduke kwawo kwa ola limodzi. Ena ku UK amachita kutseka mawindo, ena amaphika usiku kuopa aneba kuti adandaula, ndipo ana obadwira komweko amati amayi chakudya chanu chikununkha. Apa ndi pamene pali bala limene ndikufuna tilikambe, chifukwa sizikuchitikira kunja kokha, tikuchitirana tokhatokha konkuno.

Ndi kangati tamva mwana wa kumudzi amene wasankhidwa kupita ku sekondale ya mtauni akunenedwa kuti akununkha utsi? Ndi kangati mayi wogulitsa nsomba wakwera minibasi anthu nkumatseka mphuno ndi chitenje, kondakitala nkumuuza akhale kumbuyo kwenikweni, chonsecho madzulo anthu omwewo akadya nsomba yomweyo nkunyambita zala? Timati anthu a kunyanja amanunkha nsomba, alimi a fodya amanunkha chikonga, wakumudzi amanunkha thukuta, ndipo mwana akamva zimenezi kawiri katatu amayamba kudana ndi kwawo, tchuthi safunanso kupita kwa agogo, ndalama yoyamba kupeza amagula pafyumu wa pa msika woti aphimbe chimene iye ali. Mtsikana wonunkha utsi uja anadzuka kusanache, wakoleza moto, waphikira azing'ono ake phala, watunga madzi, nkuyenda mtunda kubwera ku sukulu, ndipo ife mmalo momulemekeza tikumuseka. Aphunzitsi, mukamva zotere mkalasi musamangodutsa, mawu amenewa amapweteka kuposa chikwapu ndipo ena amasiyira sukulu pomwepo. Sindikunena kuti utsi ndi wabwino ai, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umawononga mapapo a amayi ndi makanda, chibayo chambiri cha ana chimachokera pamenepo, ndipo ndikufuna khomo lililonse likhale ndi chitetezo mbaula kapena choposa pamenepo. Koma kuchotsa utsi mnyumba ndi nkhani ina, kunyoza munthu amene wanyamula fungo la ntchito yake ndi nkhani inanso.

Ndipo kunyozana ndi fungo sikunayambe ndi ife, ndi chida chakale cha anthu ofuna kupondereza anzawo. Azungu oyamba kufika kuno amakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya wonunkha wa m'madambo. Anafa ambiri, Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, chaka chomwecho Mary Livingstone anamwalira ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, malungo anawathamangitsa kupita ku Bandawe mu 1881, kumenekonso manda anachuluka mpaka Robert Laws anakwera nayo phiri ku Khondowe mu 1894 kufuna mpweya wabwino. Anali asanadziwe kuti mdani ndi udzudzu, zimene Ronald Ross anadzatsimikiza ku India mu 1897. Kukwera phiri kunawathandizadi chifukwa kozizira udzudzu umachepa, koma maganizo oti matenda ali mu fungo la malo ndi la anthu akuda anatsalira, ndipo m'matauni ambiri a atsamunda mu Africa anagwiritsidwa ntchito poika azungu kumtunda kopita mphepo, eni dziko kumunsi kutali. Tikamauza mwana wa kumudzi kuti akununkha tikubwereza mawu amene agogo athu amauzidwa pa khomo la bwana.

Palinso mbiri ina yowawa kuposa apa imene sitiiphunzitsa mokwanira. Ma clove aja, amene a Chiswahili amati karafuu, timawathira mu pilawu ndi mu tiyi, ena amaika pa dzino likamawawa, kwawo kwenikweni ndi zilumba za Maluku ku Indonesia. Anthu a ku Ulaya amafuna zonunkhira zimenezi mpaka kuika moyo pachiswe, ndi zimene zinamuyendetsa Vasco da Gama kuzungulira Africa, kudutsa pa chilumba cha Mozambique ndi ku Malindi mpaka kukafika ku Calicut mu 1498. Mu 1621 ma Dutch motsogozedwa ndi Jan Pieterszoon Coen anapha ndi kuthamangitsa pafupifupi mtundu wonse wa anthu a pa zilumba za Banda, konko ku Indonesia, kuti nutmeg, zonunkhira zinanso zothira mu chakudya, akhale wawo okha, ndipo mu 1667 pa pangano la ku Breda Angerezi anasiyira ma Dutch kachilumba ka nutmeg kotchedwa Run iwo nkutsala ndi Manhattan, pamene lero pali New York. Wina anena kuti izo nzakutali, zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa ma clove anadzawoloka nyanja kufika ku Zanzibar ndi Pemba, ndipo Sultan Seyyid Said atasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha mma 1840 analimbikitsa minda ikuluikulu ya mitengoyi mpaka zilumba ziwirizi zinayamba kudyetsa msika wa dziko lonse. Kuthyola ma clove kumafuna manja ambiri, ndipo manjawo ambiri anachokera kuno. Nthawi yomweyo ndi imene Jumbe Salim bin Abdullah, wochita malonda a akapolo, anakhazikika ku Nkhotakota, anthu amagwidwa m'midzi ya Achewa ndi mitundu ina, kuwolotsedwa nyanja pa zombo, nkuyenda miyezi pansi ali m'magoli mpaka ku Kilwa, otsala ndi moyo nkukagulitsidwa pa msika wa Zanzibar umene unadzatsekedwa mu 1873. Ena anatumizidwa kutali kuwoloka nyanja yaikulu, ambiri anathera m'minda ya ma clove. Ku Karonga Mlozi anapitiriza malondawa mpaka anagonjetsedwa mu 1895. Nde mayi wina ku Paris kapena ku Bombay akamanunkhiritsa chakudya chake, fungolo linali ndi thukuta la munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Ntchisi amene sanabwererenso kwawo. Ine ndimalakalaka mphunzitsi wa histole atalowa mkalasi ndi ma clove m'manja, ana anunkhize kaye kenako awauze nkhaniyi, sangaiwale mpaka kukalamba.

Fungo lasinthapo ngakhale malamulo. Mu 1858 mtsinje wa Thames ku London unanunkha zonyansa za m'zimbudzi nyengo yotentha mpaka aphungu kulephera kukhala mu nyumba ya malamulo imene ili m'mbali mwake, ndipo mwachangu anavomereza ndalama zoti Joseph Bazalgette amange mipope yotaya zoipa pansi pa mzinda. Kolera anali atapha anthu masauzande zaka za m'mbuyo, dokotala John Snow anali ataonetsa kale mu 1854 kuti vuto ndi madzi akumwa, koma chimene chinawadzutsa akuluakulu ndi mphuno zawo. Ife amene timadutsa pa Mudi ku Blantyre kapena pa mtsinje wa Lilongwe cha ku msika timadziwa fungo lake, tinalizolowera, ndipo kuzolowera kumeneko ndi kumene kukundiopsa, chifukwa mphuno ikakhala pa fungo limodzi nthawi yaitali imasiya kulimva. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Fungo loyenera kutichititsa manyazi ndi limenelo, la ngalande zotsekeka ndi zinyalala za m'misika, osati la usipa wa mayi wa mu minibasi. Ndiwonjezere kuti mphuno ili ndi malire ake, madzi a kolera atha kukhala oyera osanunkha kanthu, nde kuthira klorini ndi kuwiritsa tisasiye.

Pena ndimaona kuti anthu akunja amalemekeza zimene tili nazo kuposa ife. Bwampini amene anyamata amakumba kudambo nkuwotcha, bungwe la APOPO limamuphunzitsa ku Morogoro ku Tanzania kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi, ndi wopepuka nde saphulitsa bomba akaliponda, ndipo abwampini amenewa anathandiza nawo kuyeretsa minda ya anansi athu ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lathana ndi mabomba okwirira amene nkhondo inasiya, nkhondo yomwe ija inabweretsa othawa kwawo ochuluka ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu. Omwewonso amanunkhiza makhololo ku Dar es Salaam ndi ku Maputo nkupeza TB imene makina a ku chipatala anaiphonya. Ku Scotland mayi wina amene anali nesi, Joy Milne, anamva kuti fungo la mwamuna wake lasintha zaka zoposa 10 madokotala asanamupeze ndi Parkinson, ndipo atamuyesa ndi malaya 12 ovalidwa ndi anthu osiyanasiyana kuti anene odwala ndi osadwala, analondola 11, wotsalayo amene amati walakwitsa anadzapezeka ndi matendawa patapita miyezi ingapo. Asayansi a ku Manchester anatengera pamenepo kufufuza njira yoyezera matendawa pa khungu. Azamba ndi agogo athu nawo amadziwa zambiri ndi mphuno, mwana akadwala, bala likayamba kuvunda, thobwa likapitirira, kufukiza mpungabwi kuthamangitsa udzudzu, koma palibe amene anakhala nawo pansi kulemba.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi mkungudza wa ku Mulanje. Amene munagonapo mu tinyumba ta pa phiri paja ku Chambe kapena ku Lichenya, kapena munatsegulapo kabokosi kosema kamene amagulitsa pa Likhubula, mukulidziwa fungo limene ndikunena, lokoma, lolowerera, limakhala mu thabwa zaka ndi zaka ndipo chiswe sichiyandikira. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha pa dziko lonse lapansi, ndipo Kamuzu anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala pa phiri lonse. Seveni, abale. Macheka, moto wa m'tchire ndi umphawi wa anyamata amene amasenza matabwa pamutu kutsika nawo phiri kuti apeze ya ufa, pamene opindula enieni ali mtauni. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri ndipo ndikuwathokoza kuchokera pansi pa mtima, koma mkungudza umatenga zaka makumi kuti ukule, ndipo moto umodzi wa osaka mbewa utha kupsereza ntchito ya zaka zisanu tsiku limodzi. Mu 2025 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, tinasangalala, koma mwana wobadwa lero ku Mulanje atha kukula osadziwa kuti nkhalango ya mkungudza imanunkhira bwanji mvula ikagwa. Chithunzi cha mtengo tingamuonetse pa foni, nyimbo tingajambule, koma fungo silijambulika, likapita lapita limodzi ndi zonse zimene limakumbutsa.

Maiko ena anaziona kale zimenezi. Japan mu 2001 inasankha malo 100 a fungo lofunika kutetezedwa, ndipo France mu Januwale 2021 inakhazikitsa lamulo loteteza phokoso ndi fungo la kumudzi, chifukwa anthu a mtauni amasamukira kumidzi nkumakasumira alimi kuti tambala akusokosa, khola likununkha. Ife nsima yathu inalowa kale mu kaundula wa UNESCO mu 2017, koma tikapita ku nyumba zosungira za makedzana timangoona mtondo, lichero ndi mphika zili kuseri kwa galasi, zouma, zopanda moyo. Bwanji a ku Chichiri Museum, a ku Karonga ndi a Kungoni ku Mua osakonza ngodya imodzi yoti ana asukulu azinunkhiza, kachidutswa ka mkungudza wakale, mafuta a nsatsi, chimera cha thobwa, mfutso, mpungabwi, fodya wa chikopa, ma clove ndi nkhani yake ya Nkhotakota? Sizifuna madola a ma dona, zambiri zili pa msika.

Kwa inu akonzi pempho langa ndi ili, tumizani mtolankhani akakhale pansi ndi amayi achikulire amene akudziwabe kuyenga mafuta a nsatsi ndi kufutsa masamba, alembe ndondomeko yake yonse mu Chichewa iwo akadali moyo, ndipo wina akwere phiri la Mulanje ndi anthu obzala mkungudza aja atiuze kuti mbande zimene zinabzalidwa zapulumuka zingati, akuziteteza ndani ku moto, ndipo munthu wamba ngati ine amene ndikufuna kuthandizapo ndingapite kuti.

Ine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe